Makapisozi a ciclosporin kwa oikidwa mafuta a m'mafupa: amathandiza, koma safuna mphwayi

Achibale athu amene amakaikidwa maselo opanga magazi ku India kapena ku South Africa nthawi zambiri amabwerera ku Harare ndi mankhwala amenewa. Maselo a wopereka amabwera ndi asilikali awo, ma T cell, ndipo asilikaliwa akaona thupi la wodwala ngati mdani amaukira khungu, matumbo ndi chiwindi. Vuto limeneli madokotala amalitcha GVHD. Imayamba ndi zidzolo m'zikhatho ndi kumapazi, kutsegula m'mimba kwamadzi kapena maso achikasu, makamaka m'masiku 100 oyamba. Imatha kubuka ngakhale wopereka ali mbale wa bere limodzi wofanana naye HLA, zizindikiro za pa maselo zimene madokotala amayerekeza posankha wopereka. Ciclosporin amaletsa ma T cell kuchulukana, ndipo pa ntchito imeneyi timamuyamikira.

Chovuta chake ndi mlingo. Amamwedwa kawiri pa tsiku, motalikirana maola 12. Magazi oyezera mlingo atengedwe m'mawa musanamwe kapisozi. Mukamwa kaye, zotsatira zimakwera mwabodza, dokotala n'kuchepetsa mankhwala, GVHD n'kupeza mpata. Akachuluka m'thupi amawononga impso, amakweza BP, manja amanjenjemera ndipo nkhama zimatupa.

Kuno TB ndi HIV n'zofala, choncho tcherani khutu apa. Rifampicin, mankhwala a TB, amatsitsa kwambiri ciclosporin m'magazi, pomwe ritonavir (wa HIV), fluconazole (wa matenda a mafangasi) ndi clarithromycin (wopha mabakiteriya) amamukweza. Manyumwa nawonso amamukweza. Mutu ukapweteka, ibuprofen ndi diclofenac musayerekeze, impso zatopa kale.

Makapisozi ake, a 25 mg ndi 100 mg, ndi aakulu ndipo amanunkha mukaboola kapepala kake. Fungolo si kuwonongeka. Koma musawatulutsiretu kuti muike m'kabotolo ka sabata yonse, ndipo m'nyengo yotentha ya October musawasiye pawindo kapena m'galimoto.

Chimene sitikondwera nacho ndi kapezekedwe. Si famase iliyonse imene imasunga, ndiye itanitsani milungu iwiri asanathe, ndipo akhale ovomerezedwa ndi MCAZ, bungwe loyang'anira mankhwala ku Zimbabwe. Akakupatsani mtundu wina, musangolandira. Neoral ndi Sandimmun, mitundu iwiri ya ciclosporin, salowa m'magazi mofanana, ndipo kusintha kulikonse kumafuna kuyezanso magazi.

Kusiya amasiyitsa ndi dokotala, pang'onopang'ono pa miyezi ingapo. Kwa wodwala khansa ya m'magazi madokotala sapitiriza mankhwalawa nthawi yaitali popanda chifukwa, poti asilikali a wopereka omwe aja ndi amene amasaka ndi kupha maselo a khansa otsalira.