Chivindikiro cha lenzi chikupezeka pa Boma pompano

Anzanga ojambula maukwati ndi alendo kunyanjaku, kashopu ka mafoni kaja kali pafupi ndi msika pa Boma kayamba kugulitsa zivindikiro za lenzi, zotuma munthu ku Blantyre zija zatha. Koma musanapite yang'anani kaye kutsogolo kwa lenzi yanu, pali kachizindikiro ka ø ndi nambala, imeneyo ndiye saizi yake. Lenzi yanga ya Canon 18-55 ndi 58mm, ma Nikon akale aja a 18-55 amakhala 52mm, ndiye mukangolotera chizikagwa kapena osalowa n'komwe. Zivindikirozi si orijino ayi, pulasitiki yake ndi yopepuka, koma ndi zija zotsina pakati moti umachotsa ngakhale hood (chotchinga dzuwa cha kutsogolo kwa lenzi) ili pomwepo, ndipo chikugwira bhobho.

Chomwe chandibowa ndi kachingwe kogwira chivindikiro kuti chisasowe, komata ndi guluu kaja amagulitsa padera. Kutentha kwa kuno guluu amafewa, dzuwa la ku Cape Maclear linangokawomba basi kamatuka, mchenga wadzadza pomata paja. Nditadandaula achimwene apashopu aja sanavute, anandisinthira ndi chivindikiro chokhala ndi kabowo, ndamangirira ulusi wosokera ukonde ku lamba wa kamera. Za guluuzo musatayirepo ndalama.