Ufa wa karela wa pa WhatsApp uja: zomwe zinachitikira amayi anga

Ufa umenewu ndikuupatsa nyenyezi ziwiri basi, ndipo ziwirizo ndi za karela mwiniwakeyo, chipatso chowawa chonga nkhaka, osati za mayi amene amagulitsa ufawu pa WhatsApp.

Ambiri mwakaona kabotolo kaja ka ufa wobiriwira ka K18,000, kamene amatumiza pa kabaza. Ine ndinagulira amayi anga kwathu ku Kawale, omwe akhala ndi matenda a shuga zaka zisanu ndi chimodzi. Ndisanatumize ndalama ndinamufunsa wogulitsayo momveka bwino kuti amayiwa amamwa mapiritsi a shuga a metformin ndi glibenclamide, kodi sizidana? Iye anangoti, "Asisi, izi ndi zachilengedwe, masupuni awiri m'mawa ndi madzulo, musade nkhawa."

Tsiku lachinayi, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndinawapeza pamphasa pakhonde, bulauzi itanyoweratu ndi thukuta chikhalirecho kunja kuli chisanu cha mu Juni. Manja ali njenjenje, tiyi atatayikira pachitenje, akunditchula dzina la malemu mng'ono wawo. Kamakina koyezera shuga kanaonetsa 54, kutanthauza kuti shuga watsika kwambiri. Ndinasungunula shuga m'kapu ndi kuwamwetsa pang'onopang'ono, misozi ili m'maso, mpaka anayamba kundizindikira. Kuchipatala adokotala anafotokoza kuti karela amathadi kutsitsa shuga, ndiye ukamuphatikiza ndi mapiritsi ngati glibenclamide shuga amatha kutsika mopitirira. Anatinso amayi oyembekezera asamamwe ufa woterewu. Pabotolopo panalibe chenjezo ngakhale limodzi, nambala ya foni yokha.

Nditamuimbira wogulitsa uja anati amayi anga ndiwo sanadye mokwanira. Madzulo ake anandibuloka. Munthu wa mtima wotani ameneyu?

Komabe sindinganame, karelayo payekha sindikumuda. Mnzanga wa kuntchito anandionetsa wamuwisi, wa zitumbutumbu pakhungu ngati nkhaka yokwinyika, m'mashopu a amwenye ku Area 2. Umadula mopyapyala, kuthira mchere, kudikira theka la ola, kufinya madziwo, kenako kukazinga ndi anyezi ndi tomato. Kuwawa kwake kumaposa kwa luni, koma pa nsima kumakoma ndithu, ndipo ali ndi vitamini C wambiri. Amayi amadyako pang'ono Lamlungu ngati ndiwo, adokotala akudziwa, ndipo mapiritsi awo sanasiye.

Kabotolo kaja kakadali pamwamba pa kabati, ndalama yanga sinabwerere.