Nsambo za Worth Brown pa baritone ukulele: mmene zandiyendera

Nsambo zimenezi ndakhala nazo pa baritone yanga, ukulele (kagitala ka nsambo zinayi) ya mtundu waukulu, kwa miyezi ingapo, ndipo zikadzatha ndidzamanganso zomwezi. Ndi za kampani ya Worth, zopangidwa ku Japan, zofiirira zija zomwe papaketi amalemba kuti BB. Ndazikonda kwambiri. Komabe musanathamangire kukagula, dziwani kaye mmene zikusiyanira ndi zomwe mwina zili pachida chanu panopa, chifukwa kusiyanako n'kwakukulu ndipo si aliyense angakondwere nako.

Baritone imachunidwa D-G-B-E, chimodzimodzi ndi nsambo zinayi zing'onozing'ono za gitala. Koma utali wake kuchokera pa nut (kotsamira nsambo kumutu kwa chida) kukafika pa bridge (pomangirira nsambo pathupi la chida) ndi mainchesi 19 kapena 20 basi, pomwe gitala ya classical imapitirira mainchesi 25. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kuti nsambo yaifupi chonchi itulutse mawu otsika ngati D, iyenera kukhala yolemera. Opanga ambiri amapeza kulemerako pokulunga kawaya kopyapyala, kawirikawiri kamkuwa kokutidwa ndi siliva, pamwamba pa timaulusi ta nayiloni. N'chifukwa chake mapaketi ambiri a baritone mumapezamo nsambo ziwiri zokulungidwa, D ndi G, ndi ziwiri zosalala, B ndi E.

Zomwe zinabwera ndi chida changa zinali za mtundu umenewo, ndipo dzina la wopanga sindinalione paliponse. Zinkalira mokweza ndithu, koma zinthu ziwiri zinkandisowetsa mtendere. Chala chikangotsetsereka pa D kapena pa G posintha chord, pankamveka kaphokoso kokhulika, ndipo ndikamajambula nyimbo kaphokosoko kankamveka kuposa mmene kamamvekera m'chipinda. Chachiwiri ndi chomwe chinkandipweteka kwambiri. Ndikamaimba nyimbo ndi zala, kuchoka pa G kupita pa B, mawu ankasintha mtundu mwadzidzidzi: kuno achitsulo, owala, uko ofatsa anayiloni, ngati anthu awiri osiyana mawu akulandizana chiganizo chimodzi. Patapita nthawi G inayambanso kuperepeseka pomwe imakhudzana ndi ma fret (tizitsulo topingasa pakhosi pa chida), siliva n'kuchoka, mkuwa n'kuonekera.

Worth BB ilibe nsambo yokulungidwa ngakhale imodzi. Zonse zinayi ndi za fluorocarbon, pulasitiki yomwe amapangiranso zingwe zina za mbedza. Zimatheka chifukwa fluorocarbon ndi yolemera kuposa nayiloni: pafupifupi magalamu 1.8 pa cubic centimetre, pomwe nayiloni ndi 1.1 ndi pang'ono. Choncho nsambo imatha kulemera mokwanira popanda kunenepa kwambiri komanso popanda waya. Ya nayiloni yosakulungidwa kuti ifike pa D ya baritone ikanakhala yonenepa moti mawu ake akanangofa.

Nditazimanga, chomwe ndinayamba kuona ndi bata. Chala chimayenda kuchokera pa fret yachiwiri mpaka yachisanu ndi chiwiri popanda kukhulika kulikonse. Kwa munthu amene amaimba usiku motsitsa, kapena amene amaika maikolofoni pafupi ndi chida, zimenezi si zazing'ono. Kenako mawu: nsambo zonse zinayi tsopano zimalankhula mawu amodzi. Ndikaimba mzere wa nyimbo kuyambira pa D kukwera mpaka pa E, palibe pomwe khutu limadumpha. Mawuwo ndi ofunda, ozama pang'ono, ndipo E ndi B zimakhalitsa zikulira mukazikhudza. Ndimaimba ndi zala, popanda pick (kapulasitiki koimbira nsambo), uku ndikuimbanso pakamwa, ndipo nsambozi zimakhala pansi pa mawu anga osalimbana nawo. Nyimbo zodekha zomwe kale ndinkazizemba pa baritone n'kumakaziimbira pa gitala, tsopano ndimaziimba pomwepa.

Za D ndiyenera kuzinena bwinobwino, chifukwa ndi pomwe anthu amagawanikana. Nsambo yosakulungidwa pa noti yotsika chonchi, kaya ndi ya wopanga uti, imakhala yofewa pachala kuposa yokulungidwa, ndipo mawu ake ndi ozungulira, opanda kuluma kuja kwa chitsulo. Umu ndi mmene nsambo zoterezi zilili. Ine kufewa kumeneku kwandikomera, kwandiphunzitsanso kusakanikiza kwambiri, poti nsambo yofewa ukaipanikiza mwamphamvu pa fret noti imakwera pang'ono. Koma ngati inu mumakwapula chida mwamphamvu pagulu, pali magitala ndi ng'oma, ndipo mukufuna kuti bass yanu imveke, ndikuganiza kuti mudzasangalala kwambiri ndi paketi yokhala ndi D ndi G zokulungidwa, monga EJ65B ya kampani ya D'Addario. Ena amasakaniza: D yokha yokulungidwa, zitatu zinazo fluorocarbon. Njira imeneyi ndi yanzeru, ndipo D yokulungidwa ikatha mumangosintha iyo yokha. Chidanso chimanena zake. Baritone ya mainchesi 20 imaikunga D yosalala kuposa ya mainchesi 19, choncho yesani kaye utali wa chanu.

Paketi yake ndi yosiyana ndi zomwe tinazolowera. Nsambo iliyonse imabwera yotalika mainchesi 63, ndipo mumaidula pakati kuti mupeze maseti awiri, iliyonse mainchesi 31 ndi theka. Utali umenewu umakwanira pa baritone, koma wotsala si wambiri, makamaka pa G ndi B zomwe zimakafika kumapeto kwa mutu wa chida. Pindani nsambo pakati penipeni musanaidule. Ndipo poti zonse ndi zofiirira komanso zimafanana m'maso, dulani imodzi, mangani, theka linalo lisungeni palokha mutalilemba, kenako mutenge ina. Poganizira mtengo kumbukirani kuti mukugula maseti awiri.

Pomanga, fluorocarbon ndi yoterera kuposa nayiloni. Pa bridge yomangira mfundo ndimapota kawiri pa D ndi G, katatu pa B ndi E, ndipo ndimaonetsetsa kuti kupota komaliza kwagwira kuseri kwa bridge, osati pamwamba. Sinandipulumukepo. Masiku oyambirira muzichuna pafupipafupi chifukwa nsambo zatsopano zimatamuka. Zanga zinakhazikika isanathe sabata yachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo ndimangokonza pang'ono ndikatenga chida. Musazikoke mwamphamvu ndi dzanja pofuna kuti zikhazikike msanga, chifukwa zimatha kupyapyala malo ena n'kuyamba kunama, kutulutsa manoti olakwika. Zikakhazikika, yesani pa fret ya 12: noti yake ikhale yomweyo ya nsambo yosagwira, koma octave imodzi pamwamba. Pachida changa zonse zinayi zinagwera pamalo pake, ndipo sindinafunike kukhudza timipata ta pa nut. Ngati kwanu nsambo ikukakamira mu kampata kake n'kumalira kuti "ti" pochuna, kampatako n'kothina ndipo ndi bwino wokonza zida akaone.

Pali chinthu china chomwe ndimachenjeza nacho aliyense wogula nsambo za baritone, kaya ndi za wopanga uti. Werengani papaketi kachunidwe kake. Pali maseti a baritone, monga 23U ya kampani ya Aquila, opangidwira G-C-E-A, kachunidwe ka ukulele zing'onozing'ono, ndipo ndi abwino kwa amene akufuna kuimba ndi anzake a ukulele za soprano ndi tenor osasintha ma chord. Koma musatenge seti ya D-G-B-E n'kuikunga mpaka G-C-E-A. Kukweza nsambo chonchi, ndi ma semitone asanu (mlingo wa ma fret asanu), kumawonjezera kukoka kwake ndi pafupifupi 78 peresenti, ndipo kukoka kumeneko kumagwera pa bridge yongomatidwa ndi guluu komanso pa thabwa lopyapyala la pamwamba. Pachifukwa chomwechi, nsambo zachitsulo za gitala ya acoustic zisayandikire baritone wamba, ngakhale manoti ake akufanana. Zimandiwawa ndikaona chida chabwino chitazuka bridge pa chinthu chopeweka chonchi.

Pa kukhalitsa ndilibe dandaulo. Popeza palibe waya woti aperepeseke kapena kuchita dzimbiri ndi thukuta, ndimangozipukuta ndi kansalu ndikamaliza kuimba. Ndikapititsa chala kunsi kwa nsambo ndimamva timizere tating'ono pomwe zimagunda ma fret oyambirira, koma mawu sanayambe kufa ndipo pa fret ya 12 zikunenabe zoona. Zikadzayamba kunama pamenepo, theka lachiwiri lija lilipo kale.

Ndikuzipatsa nyenyezi zisanu kwa woimba ndi zala, wojambula nyimbo, ndi amene watopa ndi kukhulika kwa nsambo zokulungidwa. Kwa wokwapula mwamphamvu pagulu ndingati zitatu, ndipo ayambe wayesa D yosalala pachida cha mnzake asanagule.