HSG pa makina a fluoroscopy: manja ndi abwino, lipoti ndiye lofupika

Pali kachipatala kena kapulaiveti kuno ku Lilongwe komwe amaunika machubu, njira zomwe dzira limadutsa popita m'chiberekero, a amayi osowa mphatso ya mwana, kuunika kotchedwa HSG. Ambiri amangoti ndi X-ray. Ndi X-ray ndithu, koma yoyenda ngati kanema, imene amaitcha fluoroscopy. Chotulutsa cheza chimakhala kunsi kwa bedi, chojambula chili pamwamba pa mimba, ndipo dokotala amaonera pa sikirini mankhwala a iodine akudzaza chiberekero, kulowa m'machubu n'kukatayikira m'mimba. Akatayikira mbali zonse ziwiri, ndiye kuti njira n'zotseguka.

Pa nkhani ya tsiku sachita chibwana. Amawerenga kuchokera tsiku lomwe mayi wayamba kusamba n'kumupatsa pakati pa tsiku la 7 ndi la 10, magazi atasiya koma dzira lisanatuluke. Amayeza kaye mkodzo kuti atsimikize kuti palibe pathupi. Wobwera ndi chikazi chonunkha kapena ululu wa m'chinena amamubweza kuti akayambe walandira chithandizo, ndipo akuchita bwino, chifukwa mankhwalawa amatha kukankhira matenda m'kati.

Kuunika kwenikweniko sikupitirira kawirikawiri mphindi 15. Amalowetsa kapaipi kakang'ono pakhomo la chiberekero n'kuthira mamililita 10 mpaka 20 pang'onopang'ono. Kumapweteka ngati cham'mimba, ndiye ibuprofen wa 400 mg ola limodzi musanalowe amathandiza, ngati mulibe zilonda za m'mimba. Tengani padi ndi chitenje china, mankhwalawa amatuluka ndipo amamata. Wojambula wawo saponda pedulo yoyatsira cheza mosalekeza, amangoti ponde n'kusiya, komanso amachepetsa malo owalitsidwa kuti cheza chisafike posafunika.

Pomwe akupunduka ndi pa lipoti. Limangoti chubu chakumanzere n'chotsekeka, basi. Chatsekeka pati? Funsoli ndi lalikulu. Mankhwala akaima pomwe chubu chimayambira, nthawi zina si kutsekeka ayi: mnofu wa pamenepo umangokungika chifukwa cha ululu kapena kuthira mofulumira. Apo dokotala ayenera kudikira pang'ono, kum'tembenuza mayiyo, n'kuthiranso modekha, kapena kupereka Buscopan kuti mnofu umasuke. Koma mankhwala akayenda mpaka kumapeto, chubu n'kufufuma ngati soseji osataya kanthu, kumeneko ndiye kuwonongeka kwenikweni, kawirikawiri kochokera ku matenda akale. Ziwirizi chithandizo chake n'chosiyana, ndipo mawu amodzi olembedwa mwachidule atha kugwedeza banja kwa apongozi. Kathovu ka mpweya kotsalira mu sirinji nako kamaoneka ngati chotupa m'chiberekero. Kusiyana kwake n'koti thovu limasuntha, zomwe amaziona yekhayo amene anali pa sikirini.

China n'cha benchi yodikirira. Amayi a HSG amakhala limodzi ndi othyoka miyendo, ndipo poitana amatchula dzina ndi mtundu wa kuunika mokweza. Nambala ikanakwanira.

Musanalipire funsani ngati jenereta yawo imanyamula makinawa, chifukwa magetsi akathima kapaipi kali m'kati, zonse zimayambiranso. Onaninso chiphaso cha AERA, bungwe loyang'anira zipangizo za cheza m'dziko muno. Potuluka musatenge pepala lokha. Pemphani zithunzi zonse pa CD kapena filimu, makamaka chomaliza choonetsa kutayika kwa mankhwala, mupite nazo kwa dokotala wa amayi amene anakutumizani.