Fyuluta ya biogas ija ikugwira, koma mnyamata anadzaikayo ayi ndithu

Ena mwakhala mukundifunsa za fyuluta yochotsa fungo la gasi ndinaikitsa pa digester yathu, thanki yomwe ndowe zimawoleramo n'kutulutsa gasi, kuno ku Makawa. Ife timaphikira makasitomala ndi gasi wa ndowe za ng'ombe, nthawi zina timaponyamonso matumbo a nsomba, ndiye fungo lake ngati dzira lovunda, burner (mbaula ya gasi) yachiwiri inali itadyeka kale ndi dzimbiri. Akuti ndi mpweya wotchedwa hydrogen sulphide, ndipo nsombazo ndi zomwe zimamuchulukitsa.

Mtengo wa fyulutayi si wamasewera. Mnyamata anabwera kudzaikayo anangolumikiza mapaipi, kuthira tizidutswa ta mitengo ndi manyowa mu mgolo wa pulasitiki, kulandira ndalama, basi ulendo wa ku boma osafotokoza kalikonse. Sabata yoyamba fungo lili pompo, yachiwiri chimodzimodzi, foni osayankha, pa WhatsApp kungowerenga n'kukhala chete. Ndiye Loweruka lina bambo wina anasiya nsima ndi chambo patebulo ati mayi chimbudzi chanu chadzadza eti, pamaso pa anthu! Ine mutu unazungulira, ndinatseka valavu n'kutsegula mgolo uja kuti ndikataye zonse. M'kati mouma gwaa ngati utuchi wa kwa kalipentala, ndi dzuwa la Okutobala la kuno mukulidziwa.

Lolemba anabwera bwana wa mnyamata uja, bambo achikulire aulemu wawo. Choyamba anandikalipira, ati mayi musadzasuzumirenso mu mgolomo, mpweya umenewu ukachuluka umapha. Kenako anandifotokozera kuti m'menemo muli mabakiteriya amoyo omwe amadya mpweya wonunkhawo n'kuusandutsa sulufule, amafuna chinyezi ndi mpweya wakunja pang'ono chabe, ukalowa wambiri gasiyo atha kuphulika, ndiye kavalavu kakang'ono kolowetsa mpweyako ndisamakagwiregwire. Akauma amafa. Zonsezi mnyamata uja akanatha kunena pa mphindi zisanu.

Anathiramo madzi ndi manyowa atsopano, anandionetsa pothirira. Patatha masabata atatu fungo linachepa kwambiri, pa tizidutswa paja panayamba kuoneka ufa wachikasu, burner yatsopano mpaka pano ilibe dzimbiri. Fungo silinathe lonse, tikathira nsomba zambiri limabwerako pang'ono.

Fyulutayi ndikuipatsa nyenyezi zitatu. Mukagula uzani bambo achikulirewo abwere okha, mnyamatayo mpaka lero sanapepese ndipo anapita ndi sipanala yathu.