Sikopu ya mnyamata wanga, patatha nyengo ziwiri zosaka

Sabata yatha tinapukuta mfuti, kuidzoza mafuta n'kuitsekera m'sefa, poti nyengo yosaka yatha kuno ku Limpopo, ku South Africa. Yakwana miyezi 16 chimangirenicho sikopu ya Vortex Crossfire II 2-7x32 pamfuti imene mnyamata wanga amawombera. Nthawi imene ndinkaigula, anzanga a kumudzi amene timagwira nawo ntchito m'mafamu a chigawo cha Lephalale ndi Vaalwater anandifunsa chimene ndinachotsera chigalasi chachikulu n'kuikapo kakang'ono. Ndinawauza kuti ndidzayankha fumbi likadzaigwira. Laigwira tsopano, kawiri konse.

Kwa amene sanaigwirepo, sikopu ndi kampope ka magalasi kaja kamamangidwa pamwamba pa mfuti, kokhala ndi mtanda mkati. Manambala ake savuta. Akati 2-7 ndiye kuti imayamba n'kukulitsa chinthu kawiri, ndipo mukamapotokola imafika ka 7. Nambala inayo, 32, ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Mfutiyo ndi ya .243 Winchester, mtundu wa chipolopolo umene unatuluka ku America mu 1955. Alenje ambiri kuno amayambitsira ana pa umenewu chifukwa sumenya kwambiri paphewa, koma nswala ndi njiri umagwetsa bwinobwino.

Pakhomo timati mfuti ya mwana, koma mapepala ali m'dzina langa. Lamulo la mfuti la South Africa, Firearms Control Act ya 2000, limafuna kuti munthu akhale atakwanitsa zaka 21 asanapatsidwe chiphaso, pokhapokha pakhale zifukwa zapadera, ndipo limalola mwini laisensi kupatsa wina mfuti kuti awombere iye ali pomwepo akuyang'anira. Mnyamatayu anali ndi zaka 12 pomwe tinkayamba, ndipo mpaka lero sanaigwirepo ine kulibe. Timasaka pafamu, ndi chilolezo cha mwini malo komanso mapepala oyenera. Ndatchula izi chifukwa kwathu ena akamva zakusaka amangoganiza za munthu wolowa m'nkhalango yotetezedwa usiku atanyamula gogodela.

Sikopu yoyamba ndinasankha ndi mtima wa kholo lofuna kuti mwana asasowe kanthu. Ndinapeza ina yogwiritsidwapo kale ntchito, ya 6-24x50, yolemera komanso yaitali pafupifupi ngati mkono wa mwanayo. M'mutu mwanga ndinkati nyama ikamaoneka yaikulu, kuphonya kuchepa. Pabenchi, mfuti itagona pa matumba a mchenga, zinkaoneka ngati ndakhoza. Koma galasi la mamilimita 50 silingakhale pafupi ndi mpope wa mfuti, limafuna mphete zazitali zoligwira. Sikopu itakwera chotero, mwanayo sankathanso kugoneka tsaya pa thabwa la mfuti. Ankangoligusa ndi chibwano, mutu uli m'malere, diso likufunafuna kuwala. Akaona mdima m'mbali mwa galasi ankasendeza nkhope kutsogolo, pang'onopang'ono, ine osazindikira.

Loweruka lina mu Epulo mfuti itaphulika, m'mphepete mwa sikopu munamutema pamwamba pa nsidze ya kumanja. Bala lake linali laling'ono, lokhota ngati mwezi wongooneka kumene, koma magazi anatsikira m'diso mpaka pa kolala. Sanalire. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, “Ababa, ndalakwitsa pati?” Sanalakwitse paliponse. Wolakwa anali amene anamanga sikopuyo osamuyeza mwana, ndipo ameneyo ndi ine. Amayi ake ataona pulasitala madzulo sanandilankhule zambiri, anangofunsa ngati chipsera chidzachoke. Chilipobe, chikuoneka akakweza nsidze.

Ndinaumabe mutu mpaka ulendo woyamba wa kutchire kumayambiriro kwa Meyi. Tinazembera nswala zamphongo zitatu m'zitsamba zaminga, zinaima pa mtunda wosapitirira mamita 50. Ndinamuikira ndodo zogonekapo mfuti, n'kumunong'oneza kuti atenge ya kumanzere. Ndinkaiona ndi maso angawa, mpaka makutu akugwedera. Iye mpope ukungozungulira. “Ababa, sindikuiona, ndikungoona masamba.” Sikopu inali idakali pa 12, pomwe tinaisiya tsiku lowombera chandamale. Ndinaibweza pa 6, pothera pake, koma pofika apo nswala zinali zitafwenthera n'kudumphira m'tchire. Tchire la kuno n'lothithikana, nyama zambiri timaziona pakati pa mamita 40 ndi 120, ndipo sizidikira munthu.

Chimene chinandiwawa kuposa nswala zothawazo ndinachipeza patapita masiku. Ndinamupatsa mfuti ndisanaikemo chipolopolo, iye osadziwa. Atakoka chala, mfuti inangoti kete, koma maso ake anali atatsinzina, phewa litakankhira kutsogolo, mpope utagwa pansi. Thupi linali litaphunzira kuopa. Kuchotsa mantha amenewo kunatitengera milungu yambiri, tikuwombera kamfuti ka .22 ka eni famu ndiponso kuyeserera ndi mfuti yopanda kanthu, asanabwerere pa .243.

Pogula yachiwiri sindinayang'ane kaye za kukulitsa. Ndinayamba ndi mpata umene diso liyenera kutalikirana ndi galasi kuti uone chithunzi chonse. Pa Crossfire II imeneyi opanga amalemba mainchi 3.9, amene ndi pafupifupi masentimita 10. Ndi malo okwanira kuti mfuti ibwerere m'mbuyo osakhudza nkhope. Chachiwiri chinali kukula kwa malo amene ukuona. Ikakhala pa 2, pa mtunda wa mamita 100 umaona malo otambalala pafupifupi mamita 14, ndipo pa 7 amatsala pafupifupi mamita 4. Ndiye kuti pa mamita 50 pomwe panaima nswala zija, mwanayo akanaona gulu lonse ndi mtengo womwe unali pambali pake. Mtanda ndinasankha wamba, wa mizere yonenepa m'mbali n'kuonda pakati, wopanda timadontho tambirimbiri. Mwana mtima ukugunda sakhala ndi nthawi yowerenga madontho.

Kumanga kwake ndi kumene ndingafune kholo lililonse limvetsere, chifukwa theka la ubwino wa sikopuyi linachokera pamenepa. Tinagula mphete zazifupi. Ndinamuveka jekete imene amavala kutchire m'mawa wa mu Juni, poti jekete imatalikitsa mfuti paphewa. Zomangira zili zolefuka, ndinamuuza kuti atsinzine, akweze mfuti paphewa, agoneke tsaya mmene akumvera bwino, kenako atsegule maso. Akaona mdima m'mbali, sindinkamulola kusuntha mutu, ndinkasuntha sikopu. Tinabwereza mwina kakhumi, ataimirira, atakhala pansi, atagonekera pa ndodo, sikopu ili pa 7 pomwe imavuta kwambiri kupeza chithunzi. Diso linkakhalabe pansi pang'ono, choncho ndinadula kachidutswa ka siponji yolimba n'kukamata ndi tepi yakuda pa thabwa pomwe pamagona tsaya. Sizokongola, koma kuyambira tsiku limenelo akatsegula maso mtanda umakhala uli pomwepo kumudikira.

Pali kena kamene ndinatsala pang'ono kulakwitsanso. Kumapeto kwa sikopu, mbali ya kudiso, kuli mphete yochunira kuti mtanda uzioneka bwino. Ine ndinaichuna ndi maso anga, amene masiku ano amafuna magalasi powerenga. Mwanayo anawombera masiku awiri mtanda ukumuonekera mwachimbuuzi, osanena, poganiza kuti umakhala choncho. Nditamufunsa m'pamene anaulula. Tinalozetsa mfuti yopanda kanthu kumwamba kopanda mitambo, iye n'kumapotokola yekha mpaka mizere inada bii. Ana sadandaula pa zinthu zimene sanaziwonepo zili bwino, muziwafunsa.

Nswala yake yoyamba inabwera mu Julayi chaka chathacho, cha m'ma 7 koloko m'mawa, udzu udakali ndi chisanu. Inali pa mapazi 70 ndikawerenga poyenda, sikopu ili pa 4. Ndinamuona akugoneka tsaya, kupuma, kudikira kuti nyama itembenuke ionetse nthiti. Chipolopolo chinalowa kuseri kwa phewa, ndipo inathamanga pang'ono n'kugwa. Titafika anagwada, n'kuisisita pakhosi nthawi yaitali osalankhula. Nyamayo tinadya miyezi, ina tinaiyanika kukhala biltong, ina tinagawira anzathu. Pa nyengo ziwirizi wagwetsa nswala zitatu ndi njiri ziwiri, ndipo palibe imene tinaitaya itavulala. Zonsezo sikopu sinapitirire pa 5. Lamulo lathu n'lakuti poyenda izikhala pa 2 kapena pa 3. Nyama ikakhala patali pamakhala nthawi yokweza, koma ikatulukira pafupi nthawi yotsitsa siipezeka.

Za kulimba ndilibe dandaulo. Yapirira kuwombera zipolopolo pafupifupi 200, yayenda m'pikapu m'misewu ya mabampu, yamwa fumbi lofiira la mu Ogasiti, yanyowapo ndi mame. Mkati simunachitepo nthunzi, poti amaitseka ndi mphira n'kuthiramo mpweya wa nitrogen. Nthunzi imene tinakumana nayo inali ya kunja, mwanayo akapumira pagalasi m'mawa wozizira, ndipo waphunzira kupumira kumbali. Kamodzi kokha, kumayambiriro kwa nyengo yachiwiri, zipolopolo zinayamba kugwera masentimita angapo kumanzere. Mtima unandiuza kuti sikopu yafa. Nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti zomangira ziwiri za pansi pa mphete zinali zitamasuka, chifukwa ndinangozimanga ndi dzanja moyerekeza. Ndinabwereka sipanala yoyeza mphamvu yomangira, n'kumanganso zonse monga mwa malangizo. Za mphete zogwira sikopu yeniyeniyo a Vortex amati zikhale pakati pa 15 ndi 18 inch-pounds, osapyola, kuopa kufinya kampopeko. Chimangirenicho sinasunthenso. Kampaniyi, ya ku Wisconsin ku America, imalonjeza kukonza kapena kusintha sikopu ikawonongeka kwa moyo wake wonse, koma ife sitinafikepo pofuna zimenezo.

Timabatani tochunira timakhala tovindikira, zimene n'zabwino pa mwana wa zala zosakhazikika. Kulira kumodzi kwa batani kumasuntha chipolopolo pafupifupi mamilimita 7 pa mamita 100. Masiku ano amawerengera yekha. Akaona kuti zagwera masentimita atatu pansi, amati, “Ababa, kanayi m'mwamba,” ndipo nthawi zambiri amalondola. Amayi ake akuti masamu a mfuti amawamva msanga kuposa a m'kalasi, ndipo ndaganiza zogwiritsa ntchito zomwezi pomuthandiza a m'kalasiwo.

Pali zimene sikopu ya msinkhu uwu singachite, kaya ndi ya kampani iti. Dzuwa likangolowa, galasi la mamilimita 32 limayamba kuda msanga kuposa la 40 kapena 50, makamaka mukaikweza. Kuwala kofika m'diso mumakupeza pogawa kukula kwa galasi ndi nambala imene mwachunapo. Pa 7 kumatsala mamilimita 4.6, pomwe pa 4 kumakhala 8, koposa mmene mboni ya diso imatsegukira mumdima. Choncho kukamada timatsitsa, sitikweza. Ngakhale zili choncho, madzulo ena tinasiya njiri yaikulu pafupi ndi damu chifukwa mwanayo anati sakusiyanitsa bwino phewa ndi mthunzi. Ndinamuyamikira pomwepo, ndipo tinabwerera chimanjamanja mitima ili m'malo. Chinanso, timabowo ta .243 n'tating'ono, mamilimita 6 okha, ndipo pa mamita 100 pa 7 sitioneka bwino papepala. Timayenda kukaona, mpope n'kumazizirako.

Ife sitiwombera nyama kupyola mamita 150, ndiye 7 imatikwanira n'kutsalako. Amene amasaka m'zigwa zopanda mitengo za ku Free State kapena ku Karoo, kumene springbok, nyama yonga nswala, imakuonerani patali, adzafuna yoposa apa. Mnzanga wina anamangira mwana wake ya 3-9x40 ndipo zikumuyendera. Sindingatsutsane naye, bola ikhale pansi, pafupi ndi mpope, ndipo mwana ayezedwe. Koma kholo likandifunsa za zija zoyambira pa 6 kupita m'mwamba, ndimaitana mnyamata wanga kuti akweze nsidze.

Chaka chino watalika moti thabwa la mfuti, limene tinalifupikitsa poyamba, linayamba kumuchepera. Mu Meyi tinabwezeretsa kachidutswa kamodzi kumbuyo kwake, tinachepetsa siponji, n'kubwereza zotsinzina zija kuti sikopu ipeze malo ake atsopano. Inasuntha pang'ono chabe. Tsiku limenelo mlongo wake wa zaka 10 anakhala pa ndowa n'kumaonerera, kenako anati naye akufuna kuyesa. Ndinamupatsa mfuti yopanda kanthu, itagona pa matumba. Anaika paphewa la kumanja, koma mutu anaupendeketsa kudutsa thabwa kuti asuzumire ndi diso la kumanzere. Ndinamuuza kuti apange kabowo ndi manja aloze mtengo, kenako atsinzine diso limodzilimodzi, ndipo zinaonekadi kuti lotsogolera ndi la kumanzere. Ndiye ameneyu tidzayamba ndi ka .22 paphewa la kumanzere tchuthi cha Disembala chikafika, ndipo sikopu yaing'onoyi ndaganiza kuti idzakhala yake mchimwene wake akadzafuna ina.