Hankook Ventus V12 evo2 pa Toyota 86 yanga: matayala ndi abwino, vuto linali omanga

Galimoto inabwera kuchokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ili ndi Michelin Primacy HP zake za saizi ya 215/45 R17, zomwe zija amaikanso pa Prius. Mano analipo ndithu, koma manambala a deti m'mbali ankati 2314, kutanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2014. Mphira inali itakalamba, ming'alu ikuoneka. Mtengo wa Michelin zinayi chigwereni kwacha mu November 2023 mukuudziwa nokha. Matayala a kaunjika ndinawakana. Mlamu wanga ananditumizira Hankook zinayi kuchokera ku Joni pa basi, ndipo ndalama yotsala inakwanira inshuwalansi.

Lachisanu masana ndinapita nazo pa shopu ina ya matayala ku Limbe. Ndinamuuza mnyamata wa pakauntala kuti matayala awa ali ndi muvi m'mbali, palembedwa ROTATION, ndipo muviwo uziloza kutsogolo mbali zonse ziwiri. Sanadzutse n'komwe maso pa foni. Anati, "Bwana, ife timamanga matayala tsiku ndi tsiku, a minibasi ndi a malole omwe. Khalani pabenchipo." Ndinakhaladi, n'kugula Fanta. Kulakwa kwanga n'kumeneko, ndinalipira n'kunyamuka osazungulira galimoto.

Loweruka tinanyamuka ndi mayi a kunyumba kupita ku ukwati ku Mulanje. Mvula inatipeza tisanafike pa Bvumbwe, ija yodzaza msewu kamphindi kochepa. Ndinali pa 80 basi. Titaponda madzi oima pakona, chiwongolero chinapepuka m'manja ngati chaduka, kumbuyo kwa galimoto kukugwedezeka, kanyali ka traction control, kochenjeza kuti matayala akuterereka, kakuphethira osalekeza. Minibasi inali kubwera mbali inayo. Mayi anagwira dashibodi n'kuitana Yesu, ine n'kuchotsa phazi pa mafuta pang'onopang'ono, mabuleki osawakhudza, mpaka matayala anagwiranso tala. Ndinaima pamsika, amayi ogulitsa masamba akundiyang'ana ndikugwada m'matope ndi malaya a ku ukwati. Kumanja muvi ukuloza kutsogolo. Kumanzere onse awiri ukuloza kumbuyo. Anamanga anayi onse mofanana pa marimu, ndiye mbali imodzi inkayenda chobwerera. Mizere ya tayalali ili ngati V, ntchito yake ndi kukankhira madzi kunja. Mukalitembenuza limasonkhanitsira madziwo pakati. Pa filing'i siteshoni ndinayezetsa mpweya: 3.2 bar, pomwe chikwangwani cha pachitseko chimati 2.4 bar. Anapopa ngati Hiace yonyamula matumba a chimanga. Ku ukwatiko tinafika anthu atayamba kale perekaniperekani.

Lolemba ndinabwerera nditakonzekera nkhondo. Mnyamata uja akuti, "Ndi matayala anu a ku Joni amenewo, mukanagula athu." Magazi anandiwira. Kenako kunatuluka bambo wina wachikulire kuchokera kuseri, ovololo yake yakuda ndi girisi. Sanafunse zambiri. Anagwada, kuyang'ana muvi, n'kunena kuti, "Pepani achimwene, apa talakwa ndife." Anachotsa awiriwo yekha, kuwatembenuza, kuchita balansi anayi onse, kubweza mpweya pa 2.4, manati n'kumanga ndi sipanala yoyezera pa 120 Nm m'malo mwa mfuti ya mpweya ija. Anandiitana kuti ndione ndekha asanatsitse jeke. Sanalandire kanthu, ngakhale ya drinki anaikana. Mkwiyo wanga theka unathera pomwepo.

Tsopano patha miyezi inayi. Pa mvula galimoto ikuyenda ngati ina. Msewu womwe uja wa ku Thyolo ndadutsamo kangapo kukugwa chimvula, chiwongolero chimakhala cholemera bwinobwino ndipo kanyali kaja sikanayakenso. Pokwera phiri la Zomba kupita ku Ku Chawe, makona aja ndimalowa mtima uli m'malo. Amene mumaidziwa 86 mukudziwa kuti imakoka ndi mawilo a kumbuyo, ndipo pa matayala oyamba aja inkakonda kuponya mchira ukangoipatsa moto pakona. Pano imangomata. Ndinene zoona, kamasewera kaja nthawi zina ndimakasowa, koma mayi a kunyumba sakukasowa ngakhale pang'ono.

Maenje ndinkawaopa chifukwa tayala la 45 ndi lopyapyala m'mbali. Ndagwera m'dzenje limodzi loipa usiku cha ku Lunzu, ndinaima kuunika ndi foni, palibe chotupa, rimu ili bwino. Kumbukirani kokha kuti matayala a muvi sasinthidwa kumanzere ndi kumanja, amangochoka kutsogolo kupita kumbuyo mbali yomweyo.

Matayala ndikuwapatsa nyenyezi zisanu. Shopu ndikuipatsa ziwiri, ndipo zonsezo ndi za bambo aja. Sabata yatha ndinapitako kukayezetsa alayimenti, ndinadikira ola lathunthu mpaka iwo atamaliza lole yomwe ankagwira. Mnyamata wa pakauntala anandiona, n'kubwerera pa foni yake.